Ndinadzitsekera ndekha khomo kawiri konse: kodi ndi ulesi kapena ndi mantha?

NaMbewe, Lilongwe

Ndili ndi nkhani imene ndaisunga mumtima kwa zaka zitatu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiiyale pamaso panu kuti mundithandize maganizo. Ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito zaka 11 pachipatala china mumzinda uno. M'chaka cha 2022 ndinafunsira mwayi wa maphunziro aulere a digiri yachiwiri ku Britain, ndipo kalata yanga inadutsa mpaka anandiitana kuti ndikayankhe mafunso pamaso pa osankha. Tsikulo ndinavala bwino, ndinakwera minibasi, ndinatsika pamalo oyenera, koma m'malo molowa pachipata ndinalowa m'sitolo ina ya nsalu ndi kuyamba kufunsa mitengo ya zitenje zimene sindinkafuna kugula, mpaka nthawi yanga inadutsa. Kunyumba ndinauza amuna anga kuti mafunso anali ovuta.

Chaka chotsatira ndinafunsiranso. Zonse ndinalemba, ndipo akuluakulu anga awiri anavomera kundilembera makalata a umboni, koma ine sindinawakumbutse za tsiku lotsekera ngakhale kuti ndinkakumana nawo m'mawa uliwonse. Tsikulo litadutsa, chimene ndinamva mumtima sichinali chisoni, koma mpumulo, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mpumulo umenewo ndi umene ukundichititsa mantha, chifukwa ndikudziwa kuti maphunzirowo ndikuwafuna ndi mtima wonse. Kodi munthu angafune chinthu ndi kuchithawa nthawi imodzimodziyo?

Bambo a Chisomo, Kasungu

A NaMbewe, mundikhululukire chifukwa ndilankhula ngati kholo. Ndaphunzitsa ana zaka 34 ndisanapume pantchito, ndipo ndaona kuti masiku ano ulesi ndi kuzengereza zapatsidwa mayina okongola kuti munthu asamachite nazo manyazi. Mwayi umene munautaya kawiriwo pali anamwino ambiri amene akuugwadira m'mapemphero. Mwana akalephera kulemba mayeso chifukwa chogonereza, sitimufufuzira matenda, timamudzutsa m'mamawa. Chaka chino mupeze munthu woti azikulondolani mpaka mutatumiza makalatawo, nkhani ithere pamenepo.

Mayi a Tadala, Zomba

Bambo a Chisomo, ndi ulemu wonse, ndikuona kuti pali mawu amodzi amene mwawadumpha. Munthu waulesi savala m'mawa ndi kulipira minibasi kuti akaime m'sitolo ya nsalu. Waulesi amagona kunyumba. Mayiwa anafika pakhomo penipeni ndi kubwerera, choncho pali china chimene chinawagwira mkono.

Ine ndinaphunzira za kaganizidwe ka munthu, ndipo khalidweli lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1968, Matina Horner, pochita kafukufuku pa yunivesite ya Michigan ku America, anapatsa ophunzira chiyambi cha nthano kuti aimalize okha. Atsikana anawapatsa nthano ya mtsikana wotchedwa Anne amene wakhala woyamba m'kalasi ya udokotala, ndipo anyamata anawapatsa nthano yomweyo koma dzina lili John. Ambiri mwa atsikanawo anamaliza nthanoyo moipa: Anne anataya anzake, anasowa womukwatira, kapena anasiya sukulu mwadala. Horner anatcha zimenezi mantha a kupambana. Amene anabwereza kafukufukuyu pambuyo pake anapeza kuti amuna nawonso amakhala ndi mantha otere, ndipo ena anatsutsa kuti atsikana aja sankaopa kupambana kwenikweniko, koma ankangolongosola moona zimene dziko limachitira mkazi wopambana. Ine ndili kumbali ya otsutsawo.

Kafukufuku wina amene amandifika pamtima ndi wa Steven Berglas ndi Edward Jones wa 1978. Iwo anapatsa ophunzira mafunso amene kwenikweni analibe mayankho, kenako anawauza kuti akhoza bwino kwambiri. Asanalembe mayeso achiwiri anawauza kuti asankhe pakati pa mankhwala othandiza kuganiza ndi mankhwala ofooketsa kuganiza, ndipo ambiri mwa anyamata amene anatamandidwa osadziwa chimene anakhozera anasankha ofooketsa. Ankafuna kukhala ndi chonamizira akalephera, kuti dzina la wanzeru lisawachoke. A NaMbewe, mukapanda kulowa m'chipinda cha mafunso, palibe amene anganene kuti munakanidwa. Koma ndikufuna ndikufunseni funso lina: mukayerekeza kuti mwasankhidwa ndipo mwakwera ndege, nkhope yoyamba imene imabwera m'maso mwanu ndi ya yani?

NaMbewe, Lilongwe

Mayi a Tadala, funso lanu landikhalitsa pansi. Nkhope yake ndi ya malemu bambo anga.

M'chaka cha 1998 bambo anagulitsa fodya bwino ndipo anagula chigayo cha dizilo, choyamba m'mudzi mwathu ku Mchinji. Chaka chisanathe mlongo wanga wamng'ono anamwalira ndi malungo, ndipo maliro asanaikidwe n'komwe mphekesera inali itafala yoti bambo anakhwima ndipo mwanayo anamuika m'chigayo kuti chizibweretsa ndalama. Azakhali anga enieni anasiya kudya kwathu. Amayi akapita kumjigo, anzawo ankadula nkhani. Bambo anagulitsa chigayocho pamtengo wolira, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yathu ya njerwa zootcha inakhala yosapaka pulasitala mpaka imfa yawo, ngakhale kuti ndalama ya simenti inalipo. Nyama tinkaphika usiku kuti fungo lisamveke kwa anansi. Ndinali ndi zaka 10. Sindinaganizepo kuti nkhani ya chigayo ikukhudzana ndi sitolo ya nsalu ija, koma tsopano manja akunjenjemera pamene ndikulemba.

A Gama, Ntcheu

Pepani achemwali ndi zimene banja lanu linadutsamo. Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ndi tomato kuno kwa Tsangano, ndipo ndikufuna kunena kuti mantha anuwo si misala, chifukwa chimene mukuopacho chilipodi. Ngakhale nyimbo ya fuko lathu, imene analemba a Michael Sauka, potchula adani atatu a dziko inaika nsanje pamzere umodzi ndi njala ndi nthenda. Ana amaimba mawu amenewo m'mawa kusukulu, koma ife akuluakulu ndi amene timawadziwa kulemera kwake. Lamulo la za ufiti la 1911 limanena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma ndi angati amene angatengere azakhali awo kupolisi?

Kwathu kuno ndikudziwa alimi amene amalima ekala imodzi pamene mphamvu ya maekala atatu ali nayo. Ena akakolola zambiri amakasunga matumba kwa mnzawo wa kumsika, ndipo galimoto yodzatenga mbatata amaiuza kuti ifike mbandakucha. Ine ndemwe ndinagula njinga yamoto ndi kunena kuti ndi ya mlamu wanga kwa chaka chathunthu. Chifukwa chake si kuopa ufiti kokha. Ukangooneka kuti wapeza, fizi ya ana a mchimwene, bokosi la maliro a kuchikamwini, ndi feteleza wa azakhali, zonse zimagwera pa iwe, ndipo ukakana kamodzi kokha dzina lako limasanduka wodzikonda. Choncho munthu amawerengera n'kuona kuti kulima maekala atatu kumubweretsera ntchito yowirikiza katatu, adani owirikiza katatu, koma m'thumba mwake mutsala zomwe zija.

Mayi a Tadala, Zomba

Zimene a Gama anenazi akatswiri anaziyesapo m'dziko mwathu momwe muno. M'zaka za m'ma 1990, Stuart Carr ndi Malcolm MacLachlan, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, analemba za mphamvu imene imakokera pansi munthu wochita bwino pantchito, anzake akumukoka miyendo ndipo abwana akumupondereza pamutu. Pambuyo pake Jessica Goldberg anachititsa maere m'makalabu a alimi a m'chigawo chapakati, pamene ena ankapambana ndalama anzawo akuona ndipo ena ankapambana mwachinsinsi. Opambana poyera ankafulumira kuononga ndalamazo kuposa opambana mobisa, ngati kuti akuthamangitsana ndi opempha. Sindikunena kuti kuthandizana n'koipa, pakuti ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama za amalume. Ndikungonena kuti mwana wa zaka 10 amene anaona chigayo chikudya mtendere wa banja lake anaphunzira phunziro, ndipo phunzirolo likugwirabe ntchito mwa mayi wa zaka 37.

Bambo a Chisomo, Kasungu

Ndamva, ndipo mawu akuti ulesi ndawabweza. Koma sindingavomere kuti tiimbe mlandu mudzi pa chilichonse. Kuno ku Kasungu, kwa Wimbe, William Kamkwamba ankatola zitsulo m'dzala anthu akumunena kuti wapenga ndiponso kuti akusuta chamba, koma anamanga makina ake a mphepo ali mnyamata wosiyira sukulu panjira chifukwa cha kusowa fizi, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro pa sukulu ya ukachenjede ya Dartmouth ku America. Akanamvera pakamwa pa anthu, bwenzi lero tisakumudziwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene wapatsidwa nzeru alandire ndi nkhonya zake zomwe.

Chimwemwe, Leeds

Bambo a Chisomo, nkhani za anthu amene anapirira n'kupambana timazikonda, koma kawirikawiri timazidula pamene ndege yanyamuka. Ine ndikufuna ndinene za tsidya linalo, kuti a NaMbewe asanamizidwe kuti akangolimba mtima zonse zikhala bwino.

Ndinabwera kuno ku Britain mu 2016 pa mwayi wofanana ndi umene iwo akuuthawawo, ndipo tsopano ndikugwira ntchito imene ndinkailota. Chimene palibe anandichenjeza ndi chakuti kupambana kumakulanda ufulu wodandaula. Ndikaimba foni kumudzi n'kunena kuti ndatopa, kapena kuti m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo ndimatha sabata osalankhula Chichewa ndi munthu, yankho limakhala lakuti, "Inunso mungadandaule?" Mnzanga amene tinkagona pa mphasa imodzi kusekondale, amene tinkabwerekana ngakhale sopo, anayamba kunditchula kuti "bwana", poyamba mwanthabwala, kenako moona. Lero uthenga wake ukafika ndimadziwa kuti pambuyo pa moni pali pempho, ndipo iyenso amadziwa kuti ndikudziwa, choncho tonse awiri timachita manyazi. Ndalama sizinatidanitse, koma zinachotsa kufanana kumene ubwenzi wathu unatsamirapo.

Nditapita kumudzi mu 2019 anandiyalira mpando pamene azichemwali anga anakhala pamkeka, anandiphikira mpunga ndi nkhuku pamene ine ndinkalakalaka nsima ya mgaiwa ndi chigwada, ndipo nditatenga mtsuko kuti ndikatunge madzi anandilanda. Onse ankandichitira ulemu, koma ulemu umenewo ndi womwe timapatsa alendo. Kuno ndine wa ku Africa, kwathu ndine wa ku Ulaya. Ndikanena izi sindikuti ndikanakonda kutsala, ayi, ndikanasankhanso kubwera. Koma a NaMbewe akamaopa, akuopa chinthu chenicheni, ndipo dzina lake ndi kutsala wekha.

Abusa a ku Mulanje

Ndawerenga zonse mofatsa, ndipo ndikufuna kuwonjezera za Yona, mwana wa Amitai. Ambiri timalalikira kuti Yona anathawira ku Tarisi chifukwa choopa anthu a ku Nineve, ngati kuti ankaopa kulephera kapena kuphedwa. Koma mukawerenga mutu wachinayi, iye mwini akufotokoza kuti anathawa chifukwa ankadziwa kuti Mulungu ndi wachifundo ndipo adzaukhululukira mzindawo. Kunena kwina, ankaopa kuti ulaliki wake ugwira ntchito. Mneneri wa Israele amene wapulumutsa likulu la adani a mtundu wake akabwerera bwanji kwawo, nanga akakhala pakati pa yani? Ndi chifukwa chake nkhaniyo ikuthera pamene iye wakhala yekha kunja kwa mzinda, pansi pa msatsi, ali wokwiya pa tsiku limene ntchito yake yapambana. Katswiri wina wa ku America, Abraham Maslow, anatenga dzina la Yona ndi kulipereka ku khalidwe lothawa ukulu umene munthu angathe kuufikira.

Chimene ndimachiona muubusa ndi chakuti anthu otere sabwera kudzapempha pemphero la kulimba mtima. Amabwera ndi mawu ooneka opatulika, monga akuti "mwina sichinali chifuniro cha Mulungu" kapena "ndikudikira nthawi yake". Ndakhala ndikuvomereza mawu amenewa mofulumira kwambiri, ndipo nkhani ya mayiwa yanditsutsa. Chifuniro cha Mulungu sichinawalowetse m'sitolo ya nsalu.

NaJere, Mzuzu

Pali mbali ina imene amuna muno simunaikhudze, ndipo a NaMbewe anaitchula modutsa: anauza amuna awo kuti mafunso anali ovuta. Bwanji sananene zoona kwa munthu amene amagona naye nyumba imodzi? Ine ndinakana kukwezedwa kukhala wamkulu wa nthambi pa ntchito yanga mu 2018, ndipo chifukwa chimene ndinapereka chinali chakuti ana akadali aang'ono. Chifukwa chenicheni chinali chakuti malipiro anga akanaposa a bambo a kunyumba, ndipo ndinali nditamva kale apongozi akunena kuti nyumba imene mkazi amalandira zambiri mumalira tambala wamkazi. Amuna anga sanandiletsepo, ndipo nditawaululira patapita zaka ziwiri anakhumudwa kuti ndinawayesa munthu wochepa mtima chotero. Ndinawaweruza osawafunsa. Nthawi zambiri anthu amene timadzichepetsera kuti tisawataye sitinawapatse n'komwe mpata woti ayankhe okha.

A Gama, Ntcheu

Mayi NaJere, amuna anu ndi abwino, koma si onse. Ena akafunsidwa amayankha bwino pakamwa, mkazi akakwera n'kuyamba kumwa mowa ndi kufufuza foni. Ndi bwino a NaMbewe afunse, koma akonzekere yankho lililonse.

Chimwemwe, Leeds

Ndikugwirizana ndi onse awiri, ndipo ndiwonjezere chimene ndikanachita ndikanakhala kuti ndikuyambanso. Ndikanakhala pansi ndi abale ndisananyamuke ndi kunena momveka chimene ndidzathe ndi chimene sindidzatha, mwachitsanzo fizi ya ana awiri ndi mankhwala a amayi, osapitirira apo. Anzathu a ku South Africa mtolo umenewu amautcha black tax, ndipo ndaona kuti umapweteka kwambiri pamene ulibe malire odziwika, chifukwa pempho lililonse limasanduka mayeso a chikondi. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, ndipo ndi zoona, koma sananene kuti utsike pa njovupo kuti unyowe pamodzi ndi anzako. Chachiwiri, ndikanasunga munthu mmodzi kapena awiri amene ndalama sizidutsa pakati pathu ngakhale pang'ono. Ine ndinachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo amene wanditsalira ndi mphunzitsi wanga wakale wa Chichewa, amene mpaka lero amandidzudzula ndikalakwitsa kalembedwe.

Bambo a Chisomo, Kasungu

Pamenepo ndiye tagwirizana, pakuti munthu wowalondola uja ndinamutchula poyamba paja ndi yemweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimati awakumbutse tsiku lotsekera, pamene inu mukuti akhale munthu woti adzawatchulabe dzina lawo akadzabwera ndi digiri. Ndavomera kuti chachiwiricho n'chachikulu.

NaMbewe, Lilongwe

Ndakhala chete masiku anayi chifukwa ndinafuna ndichite kanthu ndisanayankhe. Lachisanu usiku ndinawauza amuna anga za sitolo ya nsalu. Anakhala nthawi yaitali osalankhula, kenako anandiuza kuti ankadziwa kuti sindinalowe, chifukwa tsiku limenelo ndinabwera ndi chitenje chatsopano m'chikwama ndipo sindinatchule funso ngakhale limodzi limene anandifunsa. Anati anaopa kundifunsa poganiza kuti mwina ndinabwerera chifukwa cha iwo. Sananene kuti zidzakhala zophweka kutsala ndi ana awiri chaka chathunthu, ndipo ndaona kuti nkhawa ali nayo, koma anati nkhawa imeneyo ndi yawo, ndisawasenzere.

Loweruka ndinapita ku Mchinji. Ndinawapeza amayi akusola mtedza pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ndinatchula chigayo. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndikhale pansi ndisadziitanire maso a anthu. Iwo anati chimene chinawapweteka kwambiri m'zaka zonsezi si mawu a azakhali, koma kuti chigayo chitagulitsidwa mphekesera sinathe, anthu anangosintha n'kumati bambo achigulitsa chifukwa mankhwala awatembenukira. Anati anataya chigayo ndipo abale sanabwerere, ndipo kwa zaka zambiri amayiwo ankayenda mtunda wautali ndi dengu pamutu kukagayitsa kwa munthu wina. Kenako anandifunsa ngati ku Britain kuli ufa woyera, ndipo anati ngati kulibe adzandisinjira woti ndinyamule.

Sindinganene kuti mantha atha, chifukwa dzulo nditatsegula fomu pa kompyuta ndinapezeka ndikuchapa makatani amene anali oyera kale. Koma akuluakulu anga awiri aja ndawauza zoona ndipo ndawapatsa tsiku lotsekera polemba. Mayi a Tadala, ngati mungalole, ndikutumizirani nkhani yanga yofunsira malo kuti muiwerenge Lachitatu lisanafike. Bambo a Chisomo, inu ndikupemphani ntchito imene munaitchula ija: tsiku la mafunso likadzadziwika ndidzakuuzani, ndipo mudzandiimbire foni ndikadzatsika minibasi, osadula mpaka nditalowa pachipata.

Bambo a Chisomo, Kasungu

Ndidzaimba, mwanawe. Mayunitsi ndigula dzulo lake, ndipo mudzatsikire kutsogolo pang'ono, mbali imene kulibe masitolo.